Cube Orange ndi ArduPilot pa Ndege za Chandamale: Pomwe Kabokosika Kamathandiza ndi Pomwe Kamalekezera

Ndege ya chandamale ndi ndege imene amisiri amaikonza mosamala, kuiyeza, kuithira mafuta ndi kuiulutsa akudziwiratu kuti kutsogoloko kuli anthu amene akuidikirira kuti aiwombere. Mkati mwake simukhala munthu, ndipo ntchito yake ndi kuonekera kwa asilikali oteteza mlengalenga monga mmene ndege ya adani kapena mzinga ungaonekere, kuti iwo aphunzire kuipeza pa radar, kuilondola ndi kuigwetsa. Kwa zaka ziwiri tsopano ndakhala m'gulu la amisiri amene amakonza ndi kuulutsa ndege zing'onozing'ono za mtunduwu, za injini ya petulo ndi pulopela kumbuyo, zimene zimanyamuka pochita kuponyedwa ndi chiponyero cha mpweya, n'kudzatera ndi parachuti ngati zapulumuka. Nthawi yonseyi ndege zathu zakhala zikuwongoleredwa ndi Cube Orange, kabokosi kopangidwa ndi kampani ya CubePilot, kokhala ndi pulogalamu ya ArduPilot. Pa madroni wamba ambiri anakayamikira kale, choncho ine ndikufuna kukaunika pa ntchito imodzi yokhayi, yowongolera ndege imene ikupita kukalasidwa.

Ntchitoyi ndi yakale kuposa mmene ambiri amaganizira. M'chaka cha 1935 dziko la Britain linayamba kugwiritsa ntchito ndege ya de Havilland Queen Bee, yochokera ku Tiger Moth, imene inkawongoleredwa pa wailesi kuti asilikali a pamadzi aziphunzirirapo kuwombera, ndipo dzina loti droni, limene m'Chingerezi limatanthauza njuchi yaimuna, linafalikira kuchokera ku ndege za chandamale za nthawi imeneyo. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, kampani ya Radioplane ku America inapanga tindege ta OQ-2 pafupifupi 15,000. Zonsezi zinkadalira maso ndi zala za munthu amene ankaziwongolera ali patali, moti ndege ikangobisika kuseri kwa mtambo, ulendo wake unkakhala pa chiswe. Ryan Firebee, imene inauluka koyamba mu 1951, inabweretsa injini ya jeti pa ntchitoyi, ndipo mu 2013 ndege ya nkhondo ya F-16 yosinthidwa kukhala QF-16 inanyamuka pabwalo la Tyndall ku Florida mpando wa woyendetsa uli wopanda munthu. Ndege zathu zili kumunsi kwenikweni kwa mndandanda umenewu, koma funso limene Queen Bee inasiya lidakalipo kwa tonsefe: kodi ndege yopanda munthu, imene yavulazidwa dala, ikagwera kuti?

Kabokosi keniyeniko ndi kakang'ono, kokwana m'chikhato, ndipo kamakhala pamwamba pa bolodi imene mawaya onse amalumikizidwapo. Kanachokera ku Pixhawk, ntchito yopanga zowongolera ndege zopanda munthu imene Lorenz Meier anayambitsa ali wophunzira pa sukulu ya ukachenjede ya ETH Zurich mu 2008, pamene pulogalamu ya ArduPilot inabadwira m'gulu la anthu okonda zopangapanga la DIY Drones, limene linayamba mu 2007. Mkati mwake muli purosesa ya STM32H7, magulu atatu a masensa oyeza kupendekeka ndi kukankhika kwa ndege, ndiponso ma barometer awiri oyeza kutalika kuchokera pansi. Awiri mwa magulu atatuwo anaikidwa pa kabolodi kotetezedwa ku kunjenjemera, ndipo kabokosiko kamadzitenthetsa kokha kuti masensa azikhala pa kutentha kosasinthasintha. Ichi si chokometsera chabe. Injini ya petulo ya masilinda awiri imagwedeza thupi lonse la ndege moti ukagwira phiko zala zimachita dzanzi, ndipo ndege imene yakhala padzuwa pa chiponyero kwa ola lathunthu imakapezeka mumphepo yozizira patangopita mphindi zochepa. Sensa imene imasokonezeka ndi zinthu ziwiri zimenezi imanamiza ndege kuti yapendekeka pamene ili bwinobwino. Pa ndege zonse zimene takhala tikuulutsa, sindinaonepo kabokosika kakutaya mutu chifukwa cha kunjenjemera, malinga ngati kamangidwa pa timipira toyenera ndipo pulopela yalinganizidwa bwino.

Chimene ndimachilemekeza kwambiri ndi mmene pulogalamuyo imaphatikizira zimene masensa onse akunena. Gawo lake lotchedwa EKF3 silikhulupirira sensa imodzi yokha: limatenga zimene gyroscope, sensa yoyeza kutembenuka kwa ndege, ikunena, n'kuziyerekeza ndi za GPS, za kampasi, za barometer ndi za kapaipi koyeza liwiro la mphepo, kenako n'kupereka yankho limodzi la komwe ndege ili ndi komwe yaloza. Kuwerengera kumeneku kumachitika kangapo nthawi imodzi, chigawo chilichonse ndi masensa akeake, ndipo chigawo chimodzi chikayamba kusemphana kwambiri ndi zimene zikuyezedwa, pulogalamuyo imasamukira ku chinzake ndege ili m'mwamba. Pa ndege wamba zimenezi zimateteza ku sensa yakufa yokha. Pa ndege ya chandamale zimateteza ku zinthu zimene ndege ina iliyonse siyembekezera, monga kugwedezeka kwadzidzidzi pamene chipolopolo chaphulikira pafupi.

Anthu amene sanagwirepo ntchitoyi amaganiza kuti chandamale chabwino ndi chimene chimazemba mochenjera. Nthawi zambiri asilikali amafuna chinthu china: ndege idutse njira yomweyo, pa liwiro lomwelo ndi kutalika komweko, kasanu kapena kakhumi, kuti gulu lililonse la ophunzira lipatsidwe mayeso ofanana ndi la anzawo, ndiponso kuti akatswiri a radar adziwe ngati kusintha kumene akuona kwachokera ku makina awo kapena ku ndege. Apa Cube Orange ndi ArduPilot amakhoza bwino zedi. Njira timaijambula pa mapu mu Mission Planner, pulogalamu ya pakompyuta imene inalembedwa ndi Michael Oborne, ndipo ndege imaitsatira pogwiritsa ntchito njira ziwiri zowerengera, ina yotchedwa L1 yowongolera kukhota, ndi ina yotchedwa TECS imene imagawa mphamvu ya injini pakati pa liwiro ndi kukwera. Tsiku lina tinaika pamodzi pa sikirini mizere ya maulendo asanu ndi limodzi a ndege imodzi, mphepo ikuwomba cham'mbali tsiku lonse, ndipo m'chigawo chowongoka cha njirayo mizere yonse inagona pamwamba pa inzake ngati yajambulidwa ndi cholembera chimodzi. Inasiyana pang'ono pokhota pokha, pamene mphepo inkakankha mchira. Mkulu wa ophunzitsa anayang'ana sikiriniyo kwa kanthawi, n'kunena kuti tsopano akhoza kuyerekeza magulu ake popanda wodandaula kuti anapatsidwa ndege yovuta.

Kunyamuka pa chiponyero nakonso kunaganiziridwa bwino. Pulogalamuyo imatha kuzindikira kukankhika kwamphamvu kwa chiponyero monga chizindikiro chakuti ulendo wayamba, ndipo imasunga mapiko ali chopingasa mpaka ndege itapeza liwiro lokwanira. Masekondi oyambawo ndi oopsa kuposa ena onse, chifukwa ndege imakhala yolemera ndi mafuta, ili pafupi ndi nthaka, anthunso ali pafupi, ndipo dzanja la munthu limachedwa kuyankha kusiyana ndi kabokosika. Palinso malo okwanira olumikizira zida zimene zimapangitsa ndege kukhala chandamale chenicheni. Bolodiyo ili ndi potulukira 14 pa maservo (timakina tosuntha zigawo zowongolera za ndege) ndi maswichi, ndipo ife timagwiritsa ntchito ena mwa iwo kuyatsa utsi kuti owombera ndi maso aione ndege patali, kuyatsa miyuni yotentha imene mizinga yolondola kutentha imatsata, ndi kutsegula chitseko cha parachuti. Galasi la Luneburg, limene limakulitsa chithunzi cha ndege pa radar kuti kandege kakang'ono kaoneke ngati ndege yaikulu, silifuna magetsi konse, koma limasintha kulemera kwa mphuno, ndipo limafuna kuti ndege iyezedwenso isanauluke. Amene akufuna kuti utsi uziyaka wokha pamalo akutiakuti akhoza kulemba malangizo afupiafupi m'chinenero cha Lua, osakhudza mtima wa pulogalamu.

Tsopano ndifike pa nkhani imene yandichititsa kulemba zonsezi, imene aliyense wogula kabokosika pa ntchito ya chandamale ayenera kuimvetsa asanamange waya ngakhale umodzi. ArduPilot inalembedwa poganizira ndege imene mwini wake akufuna kuti ibwerere. Kulumikizana kwa wailesi kukaduka kwa nthawi yaitali, kapena ndege ikadutsa mpanda umene wajambulidwa pa mapu, chinthu chozolowereka chimene pulogalamuyo imachita ndi kutembenuka n'kubwerera kumene inanyamukira. Kwa wojambula minda kapena wonyamula mankhwala, khalidwe limenelo ndi dalitso. Pabwalo lowomberapo ndi ngozi yoopsa, chifukwa kumene ndege inanyamukira ndi kumene kuli anthu, magalimoto ndi migolo ya mafuta, ndipo ndege imene wailesi yake yaduka mwina yaduka chifukwa yalasidwa. Ikhoza kukhala ikuyaka, ikhoza kukhala yothyoka phiko, ndipo mwinanso mzinga wachiwiri uli kale m'njira kuilondola. Ndege yotere siyenera kubwerera kwawo. Iyenera kuzimitsa injini ndi kugwera mkati mwa malo amene anapatulidwa kuti zinthu zizigweramo.

Ubwino wake ndi wakuti pulogalamuyo imalola kusintha zimenezi. Ukhoza kuilamula kuti wailesi ikaduka itulutse parachuti m'malo mobwerera, ukhoza kusankha malo ena opanda anthu oti izikazungulirapo podikira, ndipo pali gawo lapadera lotchedwa Advanced Failsafe limene limatha kuthetsa ulendo mwadala. Gawo limeneli linalembedwa chifukwa cha malamulo a mpikisano wa UAV Outback Challenge ku Queensland, Australia, amene ankafuna kuti ndege yodutsa malire igwetsedwe nthawi yomweyo, ndipo gulu la CanberraUAV, momwe munali Andrew Tridgell, mmodzi wa akuluakulu olemba ArduPilot, linapambana mpikisanowo mu 2014. Choncho maziko alipo, ndipo ndi olimba. Koma zonsezi munthu amachita kuzifunafuna ndi kuzitchera yekha, chimodzichimodzi, ndipo palibe batani limodzi limene lingauze kabokosika kuti ndegeyi ndi ya chandamale. Ife tinapanga pepala la zoyenera kuona tisananyamuke, ndipo mzere woyamba pa pepalalo ndi wakuti munthu wachiwiri, amene sanatchere nawo, awerenge mokweza chimene ndege idzachite wailesi ikaduka, mkulu woyang'anira chitetezo pabwalo akumva.

Ngakhale zitatcheredwa bwino chotere, sindingalangize aliyense kudalira kabokosi kamodzi komweko kuti kawongolere ndege komanso kaiphe. Chipolopolo chimene chadula waya wa magetsi a kabokosika chadulanso mphamvu yake yotulutsa parachuti. Cube Orange imalandira magetsi kuchokera ku magwero oposa amodzi, ndipo ili ndi purosesa yachiwiri yaing'ono imene imatha kupitiriza kupereka malamulo a woyendetsa wa pansi ku maservo purosesa yaikulu ikaima, koma zonsezi zili m'kabokosi kamodzi, pamalo amodzi m'thupi la ndege. Mabwalo akuluakulu oyeserera zida amafuna chipangizo chothetsera ulendo chodziimira pachokha, chokhala ndi wailesi yake, batire lake ndi mlongoti wake, ndipo ku America bungwe la Range Commanders Council lili ndi muyezo wa RCC 319 wonena za zipangizo zotere. Ndege zathu zonse zili ndi chipangizo chachiwiri choterocho, choikidwa kutali ndi kabokosika, chimene chikangosiya kumva chizindikiro chochokera pansi chimadula moto wa injini ndi kumasula parachuti popanda kufunsa pulogalamu iliyonse. Wogula Cube Orange adziwe kuti wagula chowongolera chokha, ndipo gawo limeneli ayenera kulipeza payekha.

Ndinaona ndi maso anga mmene kabokosika kamachitira ndege ikavulala. Unali ulendo wachitatu wa tsikulo, ndipo ndege inali m'chigawo chowongoka pamene owombera anatsegula mfuti zawo. Pa sikirini yanga chithunzi cha ndege chinapendekekera kumanja mwadzidzidzi, kenako n'kubwerera pang'onopang'ono, ndipo ndinaona kuti lamulo lopita ku servo ya phiko lamanzere lakwera kufika pafupi ndi malire n'kukhala pomwepo. Ndegeyo inapitiriza ulendo itapendekeka pang'ono, ikutsika mita imodzi ndi imodzi, ndipo inatipatsa masekondi okwanira kuti mkulu wa chitetezo aone kuti ili pamwamba pa malo opanda anthu n'kulamula kuti tiigwetse. Titapita kukaitola tinaipeza itagona pa udzu, parachuti itaphimba mchira, ikununkha petulo, ndipo kachigawo kakumbuyo ka phiko lamanja kamene kamapendeketsa ndege kanali katachoka theka, kotsalako kakulendewera pa hinji imodzi. Kabokosiko sikanadziwe kuti phiko lathyoka. Kanangoona kuti ndege siili mmene iyenera kukhalira, n'kukankha mbali yotsalayo mpaka pamene inakwanira. Masekondi amenewo ndi amene amasiyanitsa kugwa kosankhidwa ndi kugwa kongochitika, ndipo pa ine ndiwo mtengo weniweni wa chipangizochi.

Kaundula wa ulendo ndi chinthu china chimene ndingachiyamikire mosakayika. Kabokosika kamalemba pa kakhadi ka microSD pafupifupi chilichonse chimene kakuona ndi kuchita, kambirimbiri pa sekondi, ndipo ndi kaundula ameneyu amene anatithandiza pa vuto limene tinadzipangira tokha. Pa ndege ina yatsopano, mphuno inkaloza kumbali pang'ono nthawi iliyonse injini ikakwezedwa mphamvu, ndipo pulogalamu inkachenjeza kuti kampasi ikusemphana ndi masensa ena. Tinataya masiku awiri tikukayikira kabokosika. Titaika pamodzi mzere wa mphamvu ya injini ndi mzere wa zimene kampasi inkayeza, tinaona kuti ikukwera ndi kutsika limodzi, ndipo titatsegula thupi la ndege tinapeza kuti pomanga tinadutsitsa waya wonenepa wa jenereta pansi penipeni pa GPS, momwe mulinso kampasi. Magetsi oyenda mu waya amapanga mphamvu ya maginito, ndipo kampasi inkatsata waya wathu m'malo motsata dziko. Tinasuntha wayayo, kuupota pamodzi ndi unzake wobwerera, ndipo vutolo linatha. Pali chenjezo limodzi lokha pa nkhani ya kaundulayu: kakhadiko kamapita ndi ndege, ndipo ndege ya chandamale nthawi zina sibwerera, makamaka ikagwera m'nyanja. Zimene zimatsala ndi zokhazo zimene wailesi inatumiza pansi, zomwe ndi zochepa, choncho ndi nzeru kusankhiratu zofunika kwambiri kuti zizitumizidwa pafupipafupi.

Malire a chipangizochi amayamba kuonekera liwiro likakwera. Zolandirira GPS zimene zimagulitsidwa pamodzi ndi Cube, monga za mtundu wa Here, zimagwiritsa ntchito tizipangizo ta kampani ya u-blox ya ku Switzerland, ndipo malire amene kampaniyo inalemba ndi kukankhika kosapitirira 4g, kutanthauza kanayi mphamvu imene dziko limakokera zinthu pansi, ndi liwiro losapitirira mamita 500 pa sekondi. Kwa ndege ya pulopela zimenezi ndi zokwanira ndi kutsalako. Koma chandamale chonga BQM-167 cha kampani ya Kratos, chimene asilikali a mlengalenga a America amagwiritsa ntchito, chimauluka pafupi ndi liwiro la mawu ndipo chimakhota mpaka 9g, pamene GQM-163 Coyote imayenda moyandikana ndi madzi pa liwiro loposa la mawu kawiri. Pa ndege zoterezi chilichonse chimasintha: kapaipi wamba koyeza liwiro la mphepo sikakwananso, mphamvu ya mapiko owongolera imasiyana kwambiri pakati pa liwiro lotsika ndi lokwera, ndipo kuuluka mamita ochepa pamwamba pa nyanja kumafuna radar yoyeza kutalika, chifukwa barometer ndi GPS sizingadaliridwe pa mpata wochepa chotero. Sindikunena kuti ArduPilot singaulutse ndege ya jeti, pakuti ena amaulutsa nayo tijeti tating'ono, koma ntchito yoitchera ndi kutsimikiza kuti ili bwino imakula mpaka kufika pofuna gulu la mainjiniya, osati amisiri owerengeka.

Nkhani ya GPS ili ndi mbali inanso. Masetilaiti a GPS ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20,200, ndipo chizindikiro chawo chimafika pansi chili chofooka kwambiri, moti sichichedwa kumizidwa ndi phokoso la wailesi ina. Masiku ano maphunziro ambiri a asilikali amaphatikizapo kusokoneza mawailesi mwadala, ndipo ndege ya chandamale imapezeka ili pakati pa chisokonezocho ngakhale sichinalunjikidwe pa iyo. Zolandirira zamakono zimamvanso masetilaiti a GLONASS, Galileo ndi BeiDou, zomwe zimathandiza, koma osati nthawi zonse. GPS ikatayika, ndege ya mapiko yokhala ndi ArduPilot siigwa. Imapitiriza kuuluka poyerekeza malo ake kuchokera ku kampasi, liwiro la mphepo ndi mphepo imene inayeza komaliza. Kuyerekezako kumasokera pang'onopang'ono, ndipo pakapita mphindi zingapo mpanda wa pa mapu umakhala utataya tanthauzo, chifukwa ndege siidziwanso bwino mbali ya mpanda imene ili. Masensa a mu Cube ndi abwino pa msinkhu wawo, koma sali a gulu limene lingasunge malo kwa nthawi yaitali popanda thandizo lakunja. Lamulo lathu ndi lakuti GPS ikasowa kupitirira nthawi imene tinagwirizana ndi a chitetezo, ulendo umathera pomwepo.

Kulumikizana ndi pansi kumadzera mu MAVLink, chinenero chotseguka chimene aliyense akhoza kuwerenga mmene chimagwirira ntchito. Mtundu wake wachiwiri umalola kusainira mauthenga kuti ndege isamvere lamulo la mlendo, ndipo ndikulimbikitsa kuti zimenezi ziziyatsidwa nthawi zonse, koma kusainira sikubisa zimene zili mu uthenga, choncho kubisa kuyenera kuchokera ku wailesi imene mwasankha. Kuulutsa ndege zingapo nthawi imodzi ndi kotheka, popeza iliyonse imapatsidwa nambala yake, ndipo asilikali akufuna zimenezi mochulukirachulukira chifukwa madroni a nkhondo masiku ano amabwera m'magulu. Komabe Mission Planner sinakonzedwe kwenikweni kuti munthu mmodzi aziyang'anira ndege zinayi zimene zikuwomberedwa. Ife timaika munthu mmodzi pa ndege iliyonse, ndipo zimenezi zimachulukitsa antchito.

Chimene chimatopetsa kwambiri ndi kuchuluka kwa zotchera. ArduPilot ili ndi manambala otchera oposa 1,000, ambiri a iwo okhala ndi mayina achidule ovuta kukumbukira, ndipo ufulu umenewu uli ndi mtolo wake, chifukwa nambala imodzi yolakwika ikhoza kukhala chete kwa miyezi mpaka tsiku limene ikufunika. Chothandiza ndi chakuti pulogalamu yomweyo imatha kuyendetsedwa pa kompyuta popanda ndege, mu njira yotchedwa SITL, ndipo ife timayeserera mmenemo kuduka kwa wailesi, kufa kwa injini ndi kutayika kwa GPS tisanapite kubwalo. Timasunganso mtundu umodzi wa pulogalamu pa ndege zonse kwa nyengo yathunthu, osathamangira watsopano ukangotuluka. Pa za mapepala, pulogalamuyi ndi yaulere pansi pa chilolezo cha GPLv3, ndipo siibwera ndi umboni wa muyezo wa DO-178C umene oyang'anira za ndege amafuna pa mapulogalamu a ndege zovomerezeka. Makasitomala ena a usilikali safunsa zimenezi pa chandamale chaching'ono chouluka m'malo otsekedwa. Ena amafunsa, ndipo zikatero mtolo wonse wotsimikiza umagwera wopanga ndegeyo. Ndi bwinonso kukumbukira kuti ndege za chandamale zimatchulidwa m'pangano la MTCR la 1987 loletsa kufalikira kwa luso la mizinga, choncho kutumiza ndege yathunthu kapena zida zake zina kudziko lina kumafuna zilolezo, ngakhale pulogalamu yake ili yotseguka.

Apa ndi pamene makampani amene amagulitsa zowongolera zopangidwira akatswiri amapezera malo awo. UAV Navigation ya ku Spain ili ndi VECTOR, imene imagulitsidwa poyera kuti ndi yoyenera ndege za chandamale zothamanga, Embention ya ku Alicante ili ndi Veronte, MicroPilot ya ku Canada yakhala pa ntchitoyi kwa nthawi yaitali, ndipo Piccolo, imene inayambira ku Cloud Cap Technology, yawongolera ndege zambiri za asilikali. Opanga zandamale akuluakulu, monga QinetiQ ndi Banshee yake kapena Leonardo ndi Mirach, amagulitsa ndege, chowongolera ndi siteshoni ya pansi monga chinthu chimodzi. Chimene munthu amalipira kwa onsewa si masensa okha, koma mapepala, mainjiniya amene amabwera kudzathandiza kutchera, ndi wina woti ayankhe mafunso a oyang'anira bwalo. Koma chandamale ndi chinthu chimene chimatha, ndipo chowongolera chokwera mtengo chikapsa pamodzi ndi ndege pa ulendo wachiwiri, maulendo amene asilikali angakwanitse kulipira amachepa. Ophunzira amene awombera kawiri pa chaka sangafanane ndi amene awombera kakhumi, ndipo kutsika mtengo kwa Cube Orange kumasanduka maola a maphunziro enieni.

Choncho ndingailangize kwa gulu limene likupanga zandamale za pulopela kapena zamagetsi, zoyimira madroni ang'onoang'ono ndi apakati, zouluka m'bwalo lotsekedwa, ndipo lili ndi munthu mmodzi kapena awiri okonzeka kuwerenga makaundula usiku ndi kuyeserera pa kompyuta asanauluke. Sindingailangize kwa amene akufuna kutsegula bokosi lero n'kuuluka mawa, kapena kwa amene akumanga jeti yoti iziyenda moyandikana ndi mafunde a nyanja. Ife tipitiriza kuigwiritsa ntchito nyengo ikubwerayi pa ndege zathu zonse za pulopela, iliyonse ili ndi chipangizo chake chachiwiri chothetsera ulendo, koma pa ndege ya jeti imene ili pa benchi panopa tayamba kale kukambirana ndi opanga zowongolera zamtundu winawo.